Tratori Ikadzuka

Ntengo-Wambalame, Tsangano
4 Agosto 2023

Mlongo wanga Ercília,

Ndikupatsa moni. Ndikhulupirira kuti iwe, alamu ndi ana muli bwino kumeneko ku Furancungo. Kuno ndilipo. Kalatayi ndapatsira woyendetsa minibasi ya shapa uja amadziwa pakhomo pako.

Dzulo tinameta maliro a mkazi wanga Maria. Anthu atabalalika, alamu anga a Atanásio, mlongo wake wa malemu, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anayankhula bwino, sindinganame. Anati, “Alamu, mwakhala nafe pamudzi pano chibwerereni ku Malawi. Mlongo wathu mwamusunga mpaka tamuika. Tilibe nanu mlandu. Tikusudzulani mwaulemu, mubwerere kwanu ku Makanga, mukayambe moyo wina.”

Ndinati zikomo. Mkamwini anganenenso chiyani? Nyumba ili padothi lawo, munda ndi wawo. Emília, mwana wa mng'ono wake wa Maria, wakwatiwa kumene ndipo iye ndi mwamuna wake akugona m'khitchini mwa amayi ake. Nyumba yathu idzakhala yake. Tikakumana panjira amayang'ana kumbali.

Koma pali tratori. Ukudziwa kuti inafa mu Maio, Maria ali m'chipatala. Pampu ya gazoliyo, mafuta ake a dizilo, inasweka, ndipo ili pomwe inaimira, kumapeto kwa munda wa mbatatesi. A Atanásio akuti sangandisudzule ndipite ndi mtolo pamutu, tratori yanga itatsala kwawo. “Anthu angati Atanásio walanda wamasiye. Iyambe yadzuka, mukwezepo katundu wanu, muchoke ngati munthu.” Choncho ikadzuka, ine ndanyamuka.

Ercília, ine sindikufuna kuchoka. Ndalemba chifukwa pakamwa sindingathe. Munthu akakhala pampando wa tratori ija amaona mitengo ya kumanda. M'mawa ndimapitako ndi sipanala ngati ndikukakonza, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa litatentha. Palibe amene amandifunsa.

A Atanásio amulembera kale mwana wathu Ivone ku Joni kuti afune pampu. Amuuza kuti ndi za kulima mvula isanagwe. Zosudzulazi akuti si nkhani ya ana. Iwenso usamuuze. Mwana uja anatengera mtima wa amayi ake, akamva adzawatukwana amalume ake. Ndiye kuno ndi kwawo, munda wake uli kuno, adzaikidwa kuno. Ine ndilibe malo oti ndimupatse.

Ndine mlongo wako,
António Lourenço


Johannesburg
11 Agosto 2023

Papá,

Muli bwanji? Mukudya? Musandinamize. Amalume, popeza ndinu mukuwerenga izi pafoni yanu, werengani zonse, musadumphe ngati muja mumadumphira zolengeza za kutchalitchi.

Papá, zimandipweteka kuti foni ya Mamá inapita kwa mayi aang'ono pogawa katundu, inu n'kutsala opanda. Pakali pano lembani papepala monga mumachitira, amalume ajambule anditumizire.

Za pampu. Yatsopano m'masitolo mulibe. Mnyamata wina wogulitsa anandiseka, akuti tratori yathu inabadwa bambo ake asanabadwe. Koma pa intaneti pali malo pomwe eni mafamu amagulitsa zitsulo zakale pa leilão. Zili ngati okushoni ya fodya ija munkatisimbira ya ku Malawi, kungoti wokuwa mitengo palibe. Amaika chithunzi cha chinthu, pambali pake koloko yoyenda chobwerera. Aliyense amatchula mtengo wake pafoni, osaonana nkhope. Koloko ikatha, amene ali pamwamba watenga. Ndaona pampu imodzi yofanana ndi yathu, koma ndikufuna nambala ili pa kachitsulo ka m'mbali mwake, ndisagule ya tratori ina.

Mamá sindinawathandize chilichonse. Ndinafika mutakwirira kale. Ichi chokha ndilekeni ndichite. Ndikufuna mvula ikamagwa inu muli pampando paja, mukulima ngati kale.

Mwana wanu,
Ivone


Ntengo-Wambalame
15 Agosto 2023

Mwana wanga Ivone,

Ndalandira moni wako. Ndikudya. Mayi ako aang'ono amanditumizira ndiwo.

Nambala yadyedwa ndi dzimbiri, maso anga sakuiona. Usafulumire nazo zimenezi. Chaka chino anthu akhoza kulima ndi ng'ombe, mbewu imera chimodzimodzi. Tratori si munthu, siimva kuwawa ikakhala pamodzimodzi. Inenso ndazolowera kuiona ili pomwepo. Kumeneko kukuzizira, gulira bulangete ndalama zakozo. Mwina chaka cha mawa, mwina china. Ganiza bwino zimene ndikunenazi.

Bambo ako,
António

Ivone, ndine malume ako ndikuwonjezera m'munsimu. Bambo ako ndi manyazi basi, safuna kudyera mwana. Kachitsulo kaja ndakakwecha ndi phulusa ndi ndimu, nambala yatuluka mbee. Ona chithunzi chachiwiri. Gula.
Atanásio


Furancungo, Makanga
24 Agosto 2023

Achimwene,

Kalata yanu inafika. Tili bwino tonse, kupatula alamu anu amene bondo lawo limadwala nthawi yothirira nazale ya fodya yokha.

Ndinalira powerenga, kenako ndinakwiya. Inu munapita kuchikamwini ndevu zisanamere bwino. Mwawamangira nyumba ya malata, mwawalimira minda mpaka ya anthu amene sadziwa n'komwe dzina lanu lachiwiri. Lero mukukhala pachitsulo chakufa ngati nkhuku yofungatira mwala. Bwerani kwanu. Chipinda chilipo, ndachotsamo matumba a adubo, feteleza uja, fungo likutha.

Ivone sindimuuza, mwandiletsa. Koma ndinene zoona, ngakhale mukanandilola sindikanamuuza, chifukwa ine ndikufuna pampuyo ipezeke. Alamu anga a Maria ndinkawakonda, ndiwo anandiphunzitsa kudula diresi. Koma iwo kumene agonako ali pakati pa abale awo. Inu muli pakati pa ndani? Mukadwala adzakutsukani ndani, a Atanásio?

Mundiyankhe, musakhale chete ngati mwa masiku onse.

Mlongo wanu,
Ercília


Johannesburg
1 Setembro 2023

Papá,

Pepani. Yapita.

Ndinali pamwamba sabata yonse. Leilão inkatha masana ine ndili pantchito, kochapira zovala za hotela, ndipo kumeneko foni salola. Ndinaibisa m'thumba la epuloni n'kukalowa nayo m'chimbudzi. Koloko itangotsala pang'ono kutha, munthu wina wa dzina la manambala okhaokha anaponya mtengo wake pamwamba pa wanga. Ndinati ndiwonjezere, koma zala zinali zonyowa ndi sopo, foni osamva. Pronto, yapita. Ndinalira momwemo mpaka mnzanga wa ku Zimbabwe anagogoda kufunsa ngati kwathu kwagwanso maliro.

Kalata yanu ndinaiwerenga kambirimbiri, ndipo ndamva chimene mukutanthauza. Mukuopa kundilemetsa. Papá, bulangete ndili nalo. Inu munagulitsa ng'ombe kuti ine ndikaphunzire sekundária ku Ulongwe, simunandifunse ngati ndikufuna. Inenso sindikufunsani.

Ndaphunzirapo. Satchula mtengo msanga, umangowonetsa ena kuti chinthucho n'chabwino. Umakhala phee mpaka kumapeto. Ina ikatuluka sindiiphonya.

Ivone


Ntengo-Wambalame
9 Setembro 2023

Mlongo wanga Ercília,

Moni kwa nonse. Uwauze alamu kuti bondo limafuna kuyenda.

Ivone waphonya pampu. A Atanásio anawerenga uthenga wake pakhonde akupukusa mutu. Ine ndinayang'ana pansi kuti asaone nkhope yanga. Mwana wanga akulira m'chimbudzi cha eni ake, ine bambo ake mtima uli myaa. Tsiku limenelo ndinadya mpaka kutsiriza mbale, koyamba chimwalirireni Maria. Munthu wa manambala uja, kaya ndi ndani, kaya ali dziko liti, ndinamutchula popemphera. Kaya limeneli ndi tchimo. Sindinawafunse a padiri.

Unati ndisakhale chete. Ndinayesa. Tikukumba mbatatesi za kudimba ndinati, “Alamu, nanga pampu ikapanda kupezeka?”

Anati, “Ipezeka, musade nkhawa. Ngakhale tigulitse ng'ombe.”

Ndinati, “Kuno ndinazolowera.”

Anaimika khasu, maso atafiira. Anati, “Ifenso tinakuzolowerani, alamu. N'chifukwa chake sitikufuna kukumangirirani pamanda. Mudakali ndi mphamvu. Mlongo wanga angatiseke atamva kuti takusandutsani mlonda wake.”

Iwo akuganiza kuti akundimasula. Ndikanapitiriza, kukanakhala kupempha nyumba imene Emília akuidikira ali ndi pakati. Ndinawerama n'kutola mbatatesi.

Kwa Ivone sindingalembe momveka, chifukwa pepala lililonse limadutsa m'manja mwa amalume ake. Ndinayesa kumulankhula mozungulira, iye anamva zina. Ndi mwana wabwino, ndilo vuto lake.

Usandikwiyire. Sikuti kwathu ndakukana. Kungoti ndikadzuka m'mawa miyendo imadziwa kale kolowera.

António


Johannesburg
28 Setembro 2023

Amalume, itanani aliyense, muwerenge mokweza!

Papá, ndapambana! Pampu ndi yathu!

Famu ina ya ku Free State yatsekedwa, mwini wake wakalamba, ana ake akugulitsa zonse. Nambala ikufanana ndendende, ndinaiyerekeza mpaka maso kuwawa. Ulendo uno ndinapempha folga, tsiku lopuma. Ndinakhala pabedi, manja owuma, thaulo pambali. Anthu awiri ankakwerana mitengo ngati atambala, ine phee. Koloko itafika pomwe ndinaphonyera paja, ndinagwetsa mtengo wanga. Foni inalemba kuti ndatenga. Ndinakuwa mpaka mwini nyumba anabwera ndi tsache.

Musadabwe bokosi likakula. Pampuyo sinagulitsidwe yokha, inali mu lote imodzi ndi zinthu zina, ndipo salola kusankha. Ndiye mulandiranso nsapato za mphira za munthu wamapazi aakulu, nyali ya sola, ketulo yopanda chivindikiro, ndi lona lalikulu lobiriwira, labwino kwambiri. Lonalo mudzaphimbira chimanga pokolola. Ketulo apatseni amalume, ndi malipiro a phulusa ndi ndimu.

Ndapatsira a Ivan, oyendetsa kamiyawu, lole yopita ku Tete. Kuchokera kumeneko akweza pa shapa.

Papá, chimwalirireni Mamá lero ndi tsiku loyamba ndaseka. Tratori ikadzalira mundiimbire, ndikufuna ndiimve.

Mwana wanu,
Ivone


Ntengo-Wambalame
21 Outubro 2023

Mlongo wanga Ercília,

Moni. Sesa chipinda chija.

Bokosi linafika. Amayi a pamudzi analuluta ngati kwabwera mkwatibwi. A Yakobe, makaniko wa ku Ulongwe, anali ku maliro kwawo, choncho bokosi linakhala m'nyumba mwanga masiku angapo, ine ndi ilo awiriwiri.

M'kati mwa pampu zotere muli kamola, kasipulingi kakang'ono ngati chikhadabo. Kakasowa, tratori singalire. Ndinaganiza zokachotsa n'kukaponya m'chimbudzi. Palibe akanadziwa. Akanati ogulitsa pa intaneti ndi akuba, nkhani n'kutha, ine n'kupeza chaka china.

Ndinatsegula bokosi. Pampu Ivone anaikulunga ndi juzi lake, kuti isagundike m'njira. Juzilo linkanunkha sopo wa kuntchito kwake, ndipo m'zigongono linali lobooka. Ndinaona kuti ndikataya kamola kaja, mwanayo ayambiranso. Koloko ina, folga ina, kuliranso. Sangaleke, ndimamudziwa.

Sindinadikire a Yakobe. Ndinaimanga ndekha, ndinatulutsa mpweya m'mapaipi monga ziyenera, sindinasiye bawuti yolefuka. Ndinkayembekezabe kuti mwina ikana payokha. Nditangopotoza kiyi tratori inatsokomola utsi wakuda n'kulira. Ana anathamanga kuchokera kumjigo. A Atanásio anamuimbira Ivone n'kuyandikiza foni ku injini. Ndinamumva akukuwa, “Papá! Papá! Mamá akuimva!” Anandipatsa foni kuti ndiyankhule. Ndinati, “Wachita bwino, mwana wanga.” Phokoso linandithandiza.

Ndalima minda yonse ya banja, wa Ivone ndinayambira. Ndapempha chinthu chimodzi, kuti ndichoke litadutsa tsiku la Finados, pamene mpingo wonse umalowa kumanda kukalambula ndi kuyatsa makandulo. Avomera msanga.

Sindibwera ndi zambiri. Bedi, njinga, zida za tratori. Mapoto ndi a pamudzi pano.

António


Johannesburg
6 Novembro 2023

Azakhali a Ercília,

Moni. Nambala yanu ndaipeza kwa mayi aang'ono. Papá akafika muwawerengere izi. Inu sindikulankhula nanu, chifukwa munkadziwa.

Papá, amalume anditumizira chithunzi monyadira. Tratori ili pamsewu, kumbuyo ngolo, pangolo bedi lanu ndi Mamá miyendo ili m'mwamba, pamwamba pake lona langa lobiriwira. M'munsi alemba kuti, “Tawasudzula mwaulemu, zikomo chifukwa cha pampu.”

Ndinawaimbira. Akuti munagwirizana kale mu Agosto kuti tratori ikadzuka mupita. Mu Agosto! Mwambowo ndimaudziwa, koma ndinkayesa ndi wa akamwini a dzulodzulo, osati inu amene munakumba chitsime chimene mudzi wonse ukumwa.

Ndawerenganso kalata yanu ija. “Usafulumire.” “Ndazolowera kuiona ili pomwepo.” Munkandiuza, ine ndinkamva za bulangete. Ndinakhala pabedi ndi thaulo, kupikisana ndi anthu osawadziwa kuti ndithamangitse bambo anga pamanda a mayi anga. Ndipo ndinaseka. Ndinati awerenge mokweza.

Chifukwa chiyani simunangolemba kuti, Ivone, usagule?

Chotsani pampuyo. Nditumizireni, ndiiikanso pa leilão, atenge amene akufuna ngakhale mwaulere. Bwererani kunyumba kwanu, tratori aikoke aibweze pomwe inali. Ngati akana, bwerani kuno, chipinda n'chaching'ono koma tikwanamo. Amalume ndawatsekera nambala. Pa Ntengo-Wambalame sindidzapondaponso, munda wangawo adye.

Mundiyankhe lero.

Ivone


Johannesburg
13 Novembro 2023

Azakhali,

Afika? Awerenga? Ngati andikwiyira andiuze, ndipirira. Koma asakhale chete.

Ivone


Furancungo
19 Novembro 2023

Mwana wanga Ivone,

Ndikupatsa moni. Ndinafika bwino. Azakhali ako anandiwerengera makalata ako onse awiri, ndipo tsiku lililonse amandiikira pepala pafupi ndi mbale. Pepa kuti ndachedwa. Sindinakwiye. Mawu ndi amene amasowa.

Ndinadzera ku Ulongwe ndi ku Domwe, pang'onopang'ono. Pazitunda zonse zija tratori sinatsokomole. Unagula chinthu chabwino. Ndikufuna udziwe zimenezo. Kuno anthu ayamba kale kubwera kudzafunsa ngati ndingawalimire, ndipo mawa ndiyamba ndi munda wa alamu, amuna a azakhali ako.

Ukufunsa chifukwa chake sindinalembe kuti usagule. Mapepala anga ankadutsa pafoni ya amalume ako, ndicho chifukwa chaching'ono. Chachikulu n'chakuti ndikanakuuza, ukanayenera kusankha pakati pa ine ndi kwanu. Sindinafune kuti ukhale ndi katundu ameneyo. Ndipo sunandithamangitse. Pampu ikanapanda kubwera, tsiku lina akanaimanga tratori ku ng'ombe, kapena mwana wa Emília akanabadwira m'khitchini, ine ndili m'nyumba ya zipinda ndekha. Iwe unangochititsa kuti ndichoke nditakhala pampando.

Palibe anandinyoza. Anaphika thobwa, akulu anayankhula, anati ndilibe mangawa pamudzipo. Mayi ako aang'ono anandipatsa thumba la nyemba za mbewu zimene amayi ako anasankha okha chaka chatha. Amalume ako anayenda pambuyo pa ngolo mpaka pamsewu wa tara, chipewa chili m'manja. Chithunzi chija anachijambula akulira. Iwe unaona bedi, iwo sunawaone.

Kubwerera sindingabwerere. Munthu akasudzulidwa amapita kumeneko ngati mlendo, amaodira pakhomo limene anamanga yekha, ndipo dzuwa likapendeka amatsanzika. Emília walowa kale m'nyumba. Ku Joni sindingabwerenso. Ndingakachite chiyani, kuyang'ana khoma iwe uli kuntchito? Pampu ikhale pomwe ili.

Tsopano ndili ndi pempho, ndipo ulendo uno ndilemba momveka kuti usamve zina.

Tsegula nambala ya amalume ako.

Dzana kuno kunagwa mvula yoyamba, yamphamvu, ndipo mitambo inachokera cha ku Tsangano. Manda atsopano amatitimira ndi mvula yoyamba. Pamafunika munthu apite ndi khasu akawonjezere dothi, apo ayi madzi amakhazikika pamwamba. Pa Finados ndinaona kuti kumutu kwayamba kale mng'alu, ndinapondapo ndi phazi koma dothi linali louma. Ine sindingawafunse. Za manda awo si zanganso, ndikafunsa ndiye kuti ndikuwanena kuti sasamala m'bale wawo. Iwe ndiwe mwana wa pamudzipo, ukhoza kufunsa, ukhoza ngakhale kulamula.

Uwaimbire lero. Ngati sukufuna kuwapatsa moni, usawapatse. Ungoti, amalume, mwapitako kwa Mamá? Atengere dothi lofiira la kuchulu, osati la m'mbali mwa njira, limakokoloka.

Akakuyankha, undiuze.

Bambo ako,
António